Ndani Adzaŵerenga Mbalame za Kuseri kwa Chigafa?

M'Chicheŵa chathu mau akuti "kuŵerenga" amagwira ntchito ziŵiri: timaŵerenga buku, timaŵerenganso mbuzi zikamaloŵa m'khola madzulo. Ife posachedwapa tidachita zonse ziŵiri pa nkhani imodzi. Tidatha masabata angapo tikuŵerenga buku lalikulu la mbalame za dziko lino, kenaka m'maŵa wina wa mwezi wa Januwale tidatsagana ndi ana a kalabu ya zachilengedwe ya pa sukulu ina kukaŵerenga mbalame zenizeni m'dambo lothira mu mtsinje wa Bua, m'boma la Kasungu. Tidabwerako titanyowa ndi mame mpaka m'chiuno, tili okondwa ndithu, komanso tili ndi dandaulo limene tifuna kulitula kwa aŵerengi athu.

Tiyambe ndi bukulo, pakuti liyenera ulemu. Dzina lake ndi The Birds of Malawi, ndipo adalilemba ndi Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett. Lidatuluka m'chaka cha 2006. Silidali loyamba ai. Charles Belcher adalembapo za mbalame za Nyasaland mu 1930, ndipo mu 1977 a Benson, bambo ndi mai, adasindikiza lao ku Montfort Press ku Limbe. Koma la 2006 lidapambana onseŵa pa chinthu chimodzi: olembawo adagaŵa mapu a Malaŵi m'timabokosi, ndipo pa mtundu uliwonse wa mbalame adaika chizindikiro m'kabokosi kalikonse kumene mbalameyo idaonekako. Mitundu yake ndi pafupifupi 650. Si buku lokuphunzitsani kuzindikira mbalame ndi zithunzi. Ntchito yake ndi kunena kumene mbalame ikhala, mitengo imene ikonda, miyezi imene iikira mazira, ndi nthaŵi imene zakutali zifika ndi kubwerera. Munthu ukaliŵerenga umachita kumva thukuta la anthu amene adagona m'nkhalango zaka zambiri akumvetsera kulira kwa mbandakucha. Ndiponso olembawo sadabise za kutha kwa nkhalango zathu.

Tsono dandaulo lathu lili pati? Lili pa kachizindikiro kaja. Iko kamangonena kuti "ilipo". Sikanena kuti zilipo zingati, kapena kuti zatsala pa mtengo uti. Ndipo kabokosi kamodzi pa mapu kamameza midzi yambirimbiri. Mbalame itaoneka m'kati mwa paki ya Kasungu, chizindikirocho chimaphimba ndi minda ya fodya yomwe ili kunja kwa malire, kumene mbalameyo idaleka kalekale kutera. Uku si kulakwa kwa olembawo, ndi m'mene mabuku a mtundu umenewu akhalira. Koma ife a ku chigwa tikamaona mapu odzaza zizindikiro tisamadzinamize kuti zonse zili bwino kuseri kwa nyumba zathu.

Chimene chisoŵa ndi kuŵerenga kwachiŵiri kuja, kwa mbuzi pa khomo la khola. Kuŵerenga kotereku kulipo pa dziko lapansi. Kuyambira mu 1967 anthu odzipereka amaŵerenga mbalame za m'madzi mwezi wa Januwale chaka chilichonse, ndipo maiko a mu Africa adaloŵa nao m'ntchitoyi mu 1991. Masiku ano kulinso tsiku lina m'mwezi wa Meyi, lotchedwa Global Big Day, pamene aliyense amalemba mbalame zimene waona nazitumiza pa intaneti ku eBird. Kuno kwathu bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene chiyambi chake ndi cha mu 1947, lakhala likulimbikitsa makalabu m'masukulu. Zonsezi nzabwino. Koma tafunsani okonda mbalame kuti amapita kuti. Adzakutchulirani Nyika, Liwonde, Zomba, Mulanje ndi nyanja ya Chilwa. Akafika ku Kasungu, ndiye kuti ku damu la Lifupa. Chigwa chonse cha pakati, cha ku Santhe, Chamama, Chisemphere ndi Nkhamenya, amangochidutsa pa galimoto magalasi oonera patali ali m'chikwama. Amati kulibe kanthu koona. Komatu kusoŵa kwa kanthu koona ndiyo nkhani imene ifunika kulembedwa!

Pakuti chigwa chimenechi ndicho chidasintha koposa. Paki ya Kasungu, imene idakhazikitsidwa mu 1970 ndipo kukula kwake kupitirira makilomita 2,300 m'bwalo lonse, ikusungabe chithunzi cha m'mene dziko lonselo lidaliri: mombo, mtondo, msuku ndi muŵanga, ndi madambo otambalala pakati pake. Kunja kwake, m'zaka za m'ma 1970 maesiteti a fodya adafalikira, ndipo fodya woumika ndi moto adadya nkhuni usana ndi usiku. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima bale, mudzi uliwonse udafuna mitengo ya zigafa ndi mikangala. Sitikunena izi kuti tiloze chala mlimi. Fodya wa ku okushoni ya Chinkhoma ndiye adaphunzitsa ambiri a ife sukulu, ndiye adafolera nyumba zathu ndi malata. Tikungonena kuti mabelo onse amene adatuluka m'chigwa chino adayezedwa pa sikelo nalembedwa m'kaundula, pamene zimene zidachoka m'mitengo yodulidwayo zidapita popanda woziŵerenga.

M'dambo muja tidakumana ndi mkulu wina akuchokera ku dimba, khasu lili pa phewa. Poyamba adatiseka. "Aphunzitsi, kodi mbalame zalakwanji kuti muzilembe maina ngati anthu a msonkho?" Koma sadapitirire ulendo wake. Adatsamira khasu lija nayamba kutitchulira zolira m'tchire asanazione ndi maso: uyo ndi nkuta, uyo ndi mwiyo, kutsidyako ndi nkhwali. Ana adali kulimbana ndi masamba a buku la zithunzi, iye atamaliza kale. Pambuyo pake adafunsa ngati talembapo nang'omba. Titati ai, adati: "Simungamlembe. Ine ndidamumva komaliza isanafike njala ya 2002. Ankagona mu mtengo waukulu uko kuli bulugamu wa esiteti."

Mau amenewo ndiwo adali olemera kuposa zonse zimene tidalemba tsikulo. Nang'omba ndi mbalame yochedwa kuswana: imaikira mazira aŵiri m'phanga la mtengo waukulu, koma imalera mwana mmodzi yekha, ndipo pamapita zaka kuti banja lilerenso wina. Mtengo wa phanga ukagwa, banjalo latha, pakuti bulugamu ndi malaina odulidwa akali anthete alibe mapanga otero. Nchifukwa chake mu 2010 mbalameyi idaikidwa pa mndandanda wa zimene zili pa ngozi ya kutha. Mkulu uja sadziŵa za mndandandawo, koma chaka ndi mtengo akuzidziŵa. Akadzamwalira, umboni umenewu udzaloŵa naye m'manda, pokhapokha mwana wina ataulemba.

Apa tifika pa nkhani ya chilankhulo, ndipo tifuna kunena moona mtima ku mbali zonse. Mabuku onse tatchulaŵa ndi a m'Chingerezi, ndi maina a Chilatini pambali. Mwana wa ku Chulu amene amadziŵa timba, pumbwa, chingolopiyo ndi gogomole, akatsegula buku lotere amaoneka ngati mbuli, chonsecho ndiye mwini mbalamezo. Ichi nchosalungama, ndipo chimathamangitsa anthu amene ntchitoyi iŵafuna koposa. Komanso tisanyadire maina athu mopitirira muyeso. Mkulu yemwe uja adatcha "mpheta" timbalame tosiyana bwino lomwe maonekedwe, ndipo "njiŵa" idali njiŵa basi, kaya ya mkanda pa khosi kaya yopanda. Makolo athu adatcha maina mosamala zimene amadya, zimene amaopa ndi zimene zimalosa mvula. Zotsalazo adaziunjika m'dengu limodzi. Woŵerenga mbalame sangakhutire ndi dengu. Chimene tisoŵa ndi kabuku kotsika mtengo, ka zithunzi, koyamba ndi dzina limene mwana alidziŵa kale, kenaka nkumuonetsa kuti m'kati mwa mpheta muli mafuko angapo.

Nanga ife eni ake? Tivomere kuti ambiri a ife mbalame timaiona ndi diso la mphika. Tidakula ndi legeni m'khosi ndi ulimbo m'chibade. Kadzidzi akalira pa denga timafunafuna amene wamtuma, osakumbukira makoswe amene iye watichotsera m'nkhokwe. Munthu wamkulu woima m'munda akuyang'ana kumwamba timamuyesa wosoŵa chochita. Koma tisaganize kuti ena adabadwa osiyana nafe. Ku America kudali mwambo wakuti pa Khirisimasi anthu azipikisana kuombera mbalame ndi tinyama. Mu 1900 Frank Chapman adapempha kuti m'malo moombera aziŵerenga. Adavomera anthu 27 okha, m'malo 25. Kuŵerenga kumeneko kukuchitikabe chaka ndi chaka, ndipo akatswiri amadalira mabuku ake pofuna kudziŵa mbalame zimene zikuchepa. Mnyamata wa legeni ali kale ndi maso, khutu ndi kuleza mtima kwa mlenje; changosoŵa ndi pensulo.

Okonda mbalame nawonso ali ndi nthenda yao, imene tidaimva ikutiloŵa tsiku lomwelo: kuthamangira yachilendo. Mtima umadumpha ukaona mtundu watsopano, ndipo akakoŵa otsata ng'ombe umaŵaona ngati osayenera inki. Chikondwerero chimenechi sitichinyoza. Ndicho chimadzutsa munthu tambala woyamba. Ndani sangachite nthumanzi podziŵa kuti namzeze wokhala pa waya wa magetsi mu Januwale adaswedwa ku Ulaya, kapena kuti lumbe wa nthenga zazitali, amene amafika mvula ikamayandikira, amachokera kumpoto kwa mzere wa ikweta kudzaikira mazira pansi m'miombo yathu? Koma kuŵerenga kothandiza nkotopetsa kuposa pamenepo. Kumafuna njira yomweyo, mwezi womwewo, maola omwewo, chaka ndi chaka. Kumafuna kulemba zofala, popeza zofala ndizo zimachepa mwakachetechete. Miimba idali yosaŵerengeka mu Africa, koma pofika 2015 mitundu yake ingapo idalengezedwa kuti ili pafupi kutheratu. Ndipo kumafuna kulimba mtima kolemba 0 pamene sunaone kanthu. Ana adavutika nacho chimenechi. Ankaona ngati ziro ndi kulephera mayeso, mpaka mtsikana wina adafuna kulembapo nkhanga chifukwa choti amalume ake adaziona dzana.

Mphunzitsi adamletsa mofatsa, ndipo pa mzere wa nkhanga padalembedwa 0. Pa mzere wa nang'omba, umene sudalipo poyamba, mtsikana yemweyo adalemba 0 wina, ndi mau a mkulu uja pansi pake, ndi malo pamene padali mtengo. Kope lake ndi la masamu, la chikuto chofiira, ndipo lili m'kabati ya muofesi ya sukulu pamodzi ndi choko. Tidamva kuti mphunzitsiyo akhoza kusamutsidwa chaka chino chisanathe, ndipo sadapezeke wina woti amsiyire kiyi wa kabatiyo.