Nyimbo zopanda woyimba, khutu la munthu wa mumsika

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndabwera ndi nyimbo zomwe ambiri mwa inu mukazimva mudzafunsa kuti, "Nanga woyimbayo ayamba nthawi yanji?" Inenso ndinafunsa choncho.

Ine ndimagulitsa kaunjika. Kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ntchito yanga ndi ya pakamwa: kuitanira makasitomala, kutchula mtengo, kukana wofuna siketi pa theka. Kumanja kuli sipika ya mnyamata wogulitsa mamemori khadi, kumanzere mlaliki, kutsogolo oitanira minibasi. Pamalo otere nyimbo iyenera kukugwira msanga: amapiano, reggae, dancehall, kapena kwaya ya kolasi yoti uziyimba nawo uku ukubweza chenji. Nyimbo yoyamba monong'ona imafera pomwepo.

Mchimwene wanga ndi mlonda wa usiku ku Johannesburg. Ali ndi zomwe ine ndilibe: usiku wonse wa zii ndi ma headphone. Ndiye ananditumizira pa WhatsApp nyimbo yotchedwa "Your Hand in Mine" ya Explosions in the Sky, gulu la ku Texas, ya m'chimbale chawo cha 2003, The Earth Is Not a Cold Dead Place. Ndinaitsegula masana ndili pa benchi, mphindi imodzi isanathe ndinali nditaitseka. Ndinawauza achimwenewo kuti andibwezere bandulo yanga.

Patapita masabata, magetsi atazima, ana atagona, ndinali kuwerenga ndalama za tsikulo, ndipo sizinkafika pa mtengo wa belo. Ndinaiyikanso nyimbo ija. Mphindi zisanu ndi zitatu zinatha ndili duu. Nyimboyo inali yomwe ija. Chinasintha ndi nthawi komanso malo omwe ndinali.

Mtundu wa nyimbo umenewu amautcha post-rock. Dzinali linatchuka mu 1994 pomwe Simon Reynolds, wolemba za nyimbo wa ku Britain, analigwiritsa ntchito m'magazini ya Mojo pounika chimbale cha Hex cha gulu la Bark Psychosis. Zida zake ndi za rock zomwezija, magitala, bezi ndi ng'oma, koma gitala salinso woperekeza woyimba. Kachidutswa kamodzi kamabwerezedwa pang'onopang'ono, gitala wina n'kulowa pamwamba, ng'oma n'kuyamba kugunda, mpaka phokoso lidzaze mutu wonse, kenako bata. Zili ngati mvula ya mu Disembala: mitambo, kamphepo, madontho awiri pa malata, kenako chimvula.

Zotere zimafuna nthawi. "Mogwai Fear Satan" ya gulu la Mogwai la ku Glasgow, ya mu 1997, imatenga mphindi 16. Godspeed You! Black Emperor a ku Montreal anatulutsa chimbale mu 2000 chokhala ndi nyimbo zinayi zokha, iliyonse ya mphindi pafupifupi 20. Sigur Rós a ku Iceland amayimba ndithu ndi pakamwa, koma chimbale chawo cha 2002 anachiyimba m'chinenero chongopeka, mawu opanda tanthauzo, ndipo woyimba wawo Jónsi amakhwekhweretsa uta wa cello pa gitala.

Ndiye tandiuzani, ndani angamvere zimenezi? Ndi munthu amene ali ndi kachipinda kachete, foni yokhala ndi moto, bandulo, ndi mphindi 20 zoti wina asamuitane. Mlonda wa usiku, wophunzira amene akuwerenga, dalaivala wa ulendo wautali. N'chifukwa chake ndimadabwa nawo anthu amene amanyoza anzawo kuti "sadziwa nyimbo". Khutu limaleredwa ndi mmene tsiku la munthu limayendera. Amene amakhala yekha pa kompyuta tsiku lonse angalakelake kolasi yoyimba ndi anthu. Ine amene ndimamwa mawu a anthu kuyambira m'bandakucha, usiku ndimafuna chinthu chosandiuza kanthu. Nyimbo ya mawu imandiuza cholirira. Iyi imangondipatsa mpata, choikamo ndimabwera nacho ndekha, kaya ndi ngongole ya ku banki m'khonde, kaya ndi malemu mayi anga.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse ndi zokoma. Vuto lalikulu la post-rock ndi loti njira yake imadziwika msanga. Ukamvera magulu asanu, wachisanu ndi chimodzi umadziwiratu pomwe ng'oma zilowere, ndipo chimvula chodziwikiratu sichidzidzimutsa. Ena amangotalikitsa nyimbo popanda chonena, ngati belo lalikulu lodzaza masanza. Chachiwiri, pali zinthu zofunika kutchulidwa ndi dzina. Zomwe Evison Matafale kapena Lucius Banda ankanena poyera za mavuto a anthu wamba, gitala payekha sangazinene. A Godspeed akuoneka kuti amazidziwa zimenezi, chifukwa amalowetsa m'nyimbo zawo mawu ojambulidwa a anthu, monga mlaliki wa mumsewu koyambirira kwa "East Hastings". Nditamumva ndinaseka ndekha, eti mlaliki ndamuthawa kumsika wandipezanso ku Canada.

Kwa ife olemba pali phunziro. Ndakatulo zambiri zomwe timaika muno, zanga zomwe, zimakuwa kuyambira mzere woyamba ngati tikuitanira malonda. Timaopa kuti owerenga atipitirira. Oyimba awa amayamba ndi kanthu kakang'ono, amakabwereza modekha, ndipo amakhulupirira kuti womvera adikira.

Mukafuna kuyesa, musayambire mu minibasi. Dikirani usiku, yambani ndi ya mphindi zisanu ndi zitatu ija. Ikakukanikani, musadzione ngati operewera, mwina tsiku lanu likufuna zina. Ine mawa 6 koloko ndikhala ndili pa benchi, ndikuyimba nawo kolasi ya kwa mnyamata wa mamemori khadi.