Dzina logobedwa pamkuwa

Mbale zomwe amisiri a ku Iran ankazokota m'zaka za m'ma 1600 zimawala ngati siliva, chonsecho ndi mkuwa wokutidwa ndi tini kuti dzimbiri lake lisalowe m'chakudya. Mmisiri ankathira phula m'kati mwa mbale kuti isapindike, kenaka n'kumagogoda katchizulo ndi kanyundo mpaka maluwa, agwape ndi alenje okwera akavalo atazungulira mbale yonse. Mipata yotsala ankaikanda timizere tothinana n'kupakamo zakuda, ndipo mdimawo ndi umene umatulutsa chithunzi. Cha kukamwa kwa mbale ankalembako ndakatulo za Chiperisiya m'kalembedwe ka nastaliq, kotsetsereka kuchoka kumanja kunka kumanzere.

Pa zina mwa mbalezi pali zilembo za mtundu wina, zoima njo, zoyenda kuchoka kumanzere. Zimenezi n'za Aarmeniya. Mu 1604 mfumu ya ku Iran, Shah Abbas, idasamutsa mokakamiza Aarmeniya a mumzinda wa Julfa, m'mbali mwa mtsinje wa Aras, ndipo ambiri idakawakhazika pafupi ndi Isfahan, pamalo omwe adatchedwa New Julfa. Anali Akhristu, akatswiri pa malonda a silika, ofika mpaka ku Venice, Amsterdam ndi Madras. Akagula mbale kwa amisiri a m'dzikomo ankagobetsapo dzina lawo, la bambo awo, nthawi zina ndi chaka, m'zilembo zomwe Mesrop Mashtots adakonza cha mu 405. Chakacho chimatsata kalendala yawo, choncho wowerenga amawonjezapo 551 kuti apeze chathu.

Ndikayang'ana mbale zotere, maso anga amathamangira pomwe manja awiriwa akumana. Pali zina zomwe wozokota adasiyiratu kabwalo kopanda kanthu kodikira dzina la mwini. Apo zilembo za Chiarmeniya zimakhala momasuka, kuya kwake kofanana ndi kwa maluwa, ndipo kuuma kwake kumapumitsa diso lomwe latopa ndi mizere yokhotakhota. Luso lenileni ndimaliona pamenepa: mmisiri wa chinenero china ndi chipembedzo china kuganizira za mlendo yemwe adzadyeremo. Pali zinanso zomwe dzina lidabwera mochedwa, lopanikizika m'mphepete, losaya, tchizulo itaterereka apa ndi apo. Ena amati uku n'kuwononga ntchito yabwino. Ine sindivomera. Dzanja n'lofooka ndithu, koma popanda ilo sitikadadziwa kuti mbale ya ndakatulo za Chiperisiya idakhalapo m'nyumba ya Mkhristu wosamutsidwa kwawo.

Mangochi, kwathu kuno, si mlendo pa nkhani ya mkuwa ndi zilembo zochokera kutali. M'zaka za m'ma 1800 maulendo a Ayao a kwa Mponda ndi kwa Makanjira ankafika kugombe la Indian Ocean, monga ku Kilwa, n'kubwerako ndi nsalu, mikanda ndi waya wamkuwa, ndipo njira yomweyo, yomwenso akapolo ambiri adadutsamo, idabweretsa Chisilamu ndi zilembo za Chiarabu. Ku Kilwa komweko mafumu ankasula ndalama zamkuwa zokhala ndi maina awo zaka mazana angapo m'mbuyomo.

Lero mmisiri wathu wa zitsulo ndi wokhoma ndowa, mbaula ndi makeni othirira dimba. Msoko amaupinda bwino, ndowa yake siidontha, koma zokongoletsa sazilabadira chifukwa wogula salipira. Olemba pachitsulo ndi amayi. Pamaliro, paukwati kapena pasadaka, mapoto ndi mbale za mudzi wonse zimasakanikirana, ndiye aliyense amaika chizindikiro kunsi kwa chake. Ambiri amalemba ndi penti, yomwe siichedwa kufufutika mbale ikamakwechedwa ndi mchenga kunyanja. Ena amatenga msomali n'kugogoda timadontho totsatana mpaka chilembo chitatuluka, ndipo awa ndiwo ndimawayesa abale a wogoba maina wa ku Isfahan.

Ntchito yawo ili ndi malamulo ake, ndipo ingathe kuweruzidwa. Chitsulo chathu n'chopyapyala, sichilola kugoba mzere monga umalolera mkuwa wochindikala. Ukagogoda mwamphamvu waboola poto, ukanyengerera dontho silioneka. Wodziwa amatsamiritsa mbale pathabwa, amayamba wabunthitsa nsonga ya msomali, ndipo madontho ake amatalikirana mofanana ngakhale pokhota pa chilembo cha S, pomwe ambiri amalephera.