MWANA WA NG'ONA SAKULIRA DZIŴE LIMODZI: KUŴERENGA MABUKU A SAMUEL NTHARA

Kaŵirikaŵiri mnyamata wa ku seminale akafunsa kuti aŵerenge mabuku anji, timamlozera mabuku a filosofi ndi a maphunziro a zaumulungu olembedwa kutsidya kwa nyanja, ndipo potero sitilakwa ai, pakuti amenewo ndiwo maziko a maphunziro ake. Koma limafika tsiku lakuti mnyamata uja, atadzozedwa unsembe, atumizidwe ku Nambuma, ku Mtengowanthenga kapena ku Mpherere, ndipo kumeneko amakumana ndi maliro a mfumu, milandu ya chikamwini, mau a ankhoswe ndi ng'oma za ku dambwe, zinthu zimene mabuku aja sanazitchule n'komwe. Tsono m'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti alipo mlembi mmodzi amene analemba za anthu a chigawo chapakati m'mitundu ingapo ya mabuku, ndi kuti munthu woŵerenga mtundu umodzi wokha mwa imeneyi amanyengeka.

Mlembiyo ndi Samuel Josiah Nthara, amene dzina lake limalembedwanso kuti Ntara. Anabadwa m'chaka cha 1905 namwalira mu 1976. Anaphunzira ndi kuphunzitsa m'sukulu za Mishoni ya Dutch Reformed, imene inayambira ku Mvera m'dziko la Mfumu Chiŵere mu 1889, pamene A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anamanga misasa yao kumeneko. Mishoni ya Kongwe, m'mapiri omwewo a Dowa, inatsegulidwa ndi Robert Blake mu 1894. Chinyanja cha Nthara ndi cha m'sukulu zimenezi, chimene tichimvanso m'Buku Lopatulika la 1922, ndipo woŵerenga amene anazoloŵera Malembo Oyera a 1966 adzamva msanga kuti kayalidwe ka mau kakusiyana.

Buku lake loyamba ndi Nthondo, la mu 1933, limene linapata mphotho pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, ndipo T. Cullen Young analitembenuzira m'Chingerezi mu 1934 nalitcha Man of Africa. Ndi nkhani yopeka, yolondola moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa kufikira kumanda: ubwana wake, kupulupudza ndi kuba, ulendo wokafuna ntchito kutali, ufumu, ndi kutembenuka mtima. Mphamvu ya bukuli ili m'zigawo za kumudzi. Mmenemo mlembi sathamanga. Amatiloŵetsa m'chikuta, amatikhazika pabwalo, natimvetsa mmene akulu amayankhulira pogamula mlandu. Koma pamene nkhani iyandikira ku Chikhristu, mlembi amayamba kufulumira monga munthu amene aona kale kwao patsogolo. Kutembenuka kwa Nthondo timakulandira chifukwa mlembi watiuza. Nkhondo ya mumtima mwa munthuyo sitiiona mokwanira. Wansembe aliyense amene anaphunzitsapo akatekumeni achikulire adziŵa kuti munthu sasiya miyambo ya makolo ake mosavuta chotero, ndi kuti zambiri zimene akuti wazisiya amangozisunga kuseri kwa nkhokwe.

Amene waŵerenga Nthondo yekha angaganize kuti Mcheŵa wa masiku aja anali munthu wongodikira kuti mlendo adzamtsegule maso. Maganizo ameneŵa amagwa tikatsegula buku la mtundu wina, Msyamboza, limene linatulukanso m'Chingerezi mu 1949 ndi dzina lakuti Headman's Enterprise. Iyi ndi mbiri ya munthu weniweni, mfumu ya mudzi wa Chibanzi m'boma la Dowa, amene anamwalira mu 1926. Pano tikumana ndi munthu wanzeru zake, mlenje ndi wamalonda, amene analima tirigu ndi kuthirira mbeu m'chilimwe, nalandira sukulu m'mudzi mwake, naletsa nyau. Woŵerenga watcheru adzaona kuti Msyamboza sanalandire sukulu monga mwana alandira phala, koma anaisankha yekha atayesa phindu lake pa mudzi wake ndi pa ufumu wake. Apa moyo weniweni wapambana nkhani yopeka, pakuti mlembi sakanatha kumpinda Msyamboza monga anampindira Nthondo.

Komabe bukuli nalonso lili ndi pofooka pake. Nthara amamkonda kwambiri munthu amene akumlemba, motero funso lina salifunsa. Pamene nyau zinachotsedwa pa Chibanzi, kodi amuna amene ankapezamo ulemu wao anataya chiyani? Nanga maliro a akulu anaperekezedwa motani? Mau a anthu ogonja samveka m'bukuli. Wofuna kumva mbali imeneyo ayenera kufunafuna kwina, monga m'buku la Ian Linden la mu 1974, Catholics, Peasants and Chewa Resistance in Nyasaland, limene lifotokoza mkangano wa nyau ndi mishoni zathu zomwe, ndipo silitinyengerera.

Mtundu wachitatu ndi mbiri ya fuko. M'buku la Mbiri ya Acheŵa, limene W. S. Kamphandira Jere analitembenuzira m'Chingerezi, nalituluka mu 1973 pamodzi ndi ndemanga za Harry Langworthy, Nthara asiya guwa la mlaliki nakhala pansi pamaso pa nkhalamba. Amalemba zimene anamva za Aphiri ndi Abanda, za Kalonga ndi Undi, za Kaphirintiwa, ndi za Makewana wa ku Msinja kumene anthu ankapempha mvula. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemwe uja amene m'mabuku ena aonetsa miyambo ya makolo ngati mdima, muno aisunga mosamala kuti isatayike. Akatswiri a mbiri yakale ali nazo zodandaula: nkhani za pakamwa sizinena zaka, ndipo nkhalamba iliyonse imakweza ufumu wa kwao. Zimenezi n'zoona, ndipo bukuli lisaŵerengedwe ngati chiŵeruzo chomaliza. Koma mau ambiri a nkhalamba zimenezo akanapita nazo kumanda pakanapanda mphunzitsi ameneyu ndi cholembera chake.

Tikaika mabuku atatuŵa pamodzi, pamenepo mpamene timamuona Nthara yense: Mkhristu wotsimikiza mtima, komanso munthu wosafuna kuti anthu a kwao aiŵale kumene anachokera. Zinthu ziŵirizi sanathe kuziyanjanitsa m'buku limodzi, ndipo anazigaŵa m'mabuku osiyana. Kodi si vuto lomweli limene mpingo ulimbana nalo pokamba za kuzika Mthenga Wabwino m'chikhalidwe cha anthu? Msonkhano wachiŵiri wa ku Vatican, umene unatha mu 1965, unatilimbikitsa kulemekeza zabwino zopezeka m'miyambo ya mitundu yonse, koma sungatiuze zimene zili m'mitima ya anthu a ku Ntchisi. Zimenezo tizimva kwa anthuwo, ndiponso kwa alembi amene anakhala pakati pao, ngakhale akhale a mpingo wina.

Nthara analembanso Nchowa, nkhani ya moyo wa mkazi, ndi mbiri ya Namon Katengeza, mmodzi wa abusa oyamba a dziko lino mu mpingo wa Nkhoma. Wotsiriza mabuku ameneŵa asaime pomwepo. Atenge Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe kuti aone mmene mwana ankaleredwera, ndi Sikusinja ndi Gwenembe la mlembi yemweyo kuti alaŵe nthano yotalika. Atenge Nzeru za Kale la Stevenson Kumakanga chifukwa cha miyambi, ndi Ntchito ya Pakamwa la E. J. Chadza chifukwa cha ndakatulo. Mtundu uliwonse uli ndi ntchito yake. Mbiri ya fuko imatiuza zimene zinachitika, mbiri ya munthu imatiuza amene anazichita, nkhani yopeka imatiuza mmene zinamvekera mumtima, ndipo ndakatulo ndi miyambi zimanola lilime la mlaliki. Ulaliki wambiri umazizira chifukwa mlaliki aganiza m'Chingerezi nayankhula m'Chicheŵa chobwereka, pamene akanatha kuphunzira kwa alembi aŵa mmene chiganizo cha Chicheŵa chimayendera.

Mabuku ena mwa aŵa sapezeka msanga m'sitolo. Nthaŵi zambiri amagona m'makabati a m'maparishi, m'nyumba za aphunzitsi opuma ntchito ndi m'mabokosi a sukulu zakale, chiswe chikuwadya pang'onopang'ono. Tipempha abale athu ansembe kuti powapeza awasonkhanitse ndi kuwaika poti achinyamata awafikire, ndipo a ku seminale popita kutchuthi afunse agogo ao ngati sanasunge limodzi pansi pa sutikesi. Wopeza Msyamboza aliŵerenge, kenaka akwere ku Kongwe, akafunse akulu a ku Chibanzi zimene iwo akumbukira za mfumu ija, ndipo ayerekeze mau ao ndi a m'buku.