Mlembi Ayambe Watchera Khutu

Pali dandaulo limodzi limene lafala pakati pa anyamata ndi atsikana a kuno ku Balaka ndi ku Machinga amene ali ndi mtima wofuna kulemba nkhani zazifupi, ndipo popeza lanenedwa kawirikawiri, layamba kumveka ngati choonadi chosafunikanso kuchiyesa. Akuti akonzi a nyuzipepala ndi magazini ali ndi tsankho, amasindikiza za anzawo a ku Blantyre ndi ku Zomba okhaokha, kotero kuti mwana wa ku Ntaja kapena ku Phalula, ngakhale alembe mokoma chotani, nkhani yake idzafera m'kabati. Sindikana kuti kukondera kulipo pansi pano, pakuti akonzi nawonso ndi ana a anthu. Koma ndatopa nako kumva mlandu wonse ukukankhidwira kwa iwo, chonsecho nkhani zambiri zimene ndaziwerenga m'makope a olemba ongoyamba kumene zili ndi nthenda imodzi yomweyomweyo, imene mkonzi aliyense amaizindikira asanafike pansi pa tsamba loyamba. M'nkhanizo mulibe munthu wolankhula monga alankhulira munthu. Mlembi yekha ndiye amalankhula kuyambira pa mutu kufikira pa mpumiro wotsiriza, kufotokoza, kuweruza ndi kulangiza, pamene ampangankhani ake aima chilili, kukamwa kuli pululu.

Tisanapite patali tivomereze kuti khomo silinatsekedwe monga anenera. Samuel Josia Nthara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, komabe buku lake la Nthondo linapata mphoto pa mpikisano wa olemba m'zilankhulo za mu Africa, nilisindikizidwa mu 1933. Ku Limbe, a Popular Publications, amene ankasindikiza magazini ya Moni, anatulutsa Njala Bwana ya Willie Zingani, ndiponso nkhani zazifupi za Ken Lipenga za Waiting for a Turn mu 1981. Stanley Onjezani Kenani anafika pa mndandanda wotsiriza wa mphoto ya Caine kawiri, mu 2008 ndi mu 2012. Ndipo ife a ku Balaka tilibe chowiringula, pakuti makina osindikizira ali pakhomo pathu penipeni, ku Montfort Media, kumene kumachokera The Lamp, Together ndi Mkwaso. Tsono ngati njira ena anaipita, funso loyenera ndi lakuti iwo ananyamula chiyani chimene ife tikuchisiya.

Ine ndinena mosazengereza kuti chimene chimagwira mkonzi pa dzanja, kuti asataye pepala, ndicho kulankhulana kwa anthu a m'nkhani. Tiyese ndi nkhani imene mudzi uliwonse wa ku Machinga ukuidziwa, ya mwamuna amene anapita ku Joni kukasaka ntchito nasiya mkazi ndi ana. Mlembi wongoyamba adzalemba kuti Abiti Saidi anali mayi wosauka koma wolimba mtima, kuti anali ndi chisoni chachikulu chifukwa mwamuna wake anamuiwala, ndi kuti amuna otere ndi oipa. Ndipo atatero adzaganiza kuti wagwira ntchito, pamene wangotiuza zoti tikhulupirire popanda kutionetsa kanthu. Koma taonani mayi yemweyo ataimika mlamu wake, mnyamata wa kabaza, pa msika wa Nsanama:

"Alamu, achimwene anu atumiza uthenga?"

"Atumiza. Akuti ali bwino."

"Atumiza kwa inu."

"Eya, pa foni yanga. Mwina yanu inali yozima."

"Yanga sizima, alamu. Ndimakaitchajitsa tsiku ndi tsiku, ngakhale m'nyumba mchere utatha."

Mnyamatayo anawerama nayamba kukonza tcheni cha njinga, chimene sichinaduke.

M'mizere imeneyi simunatchulidwe chisoni, umphawi kapena kuipa kwa mwamuna, koma wowerenga wazimva zonse zitatu, ndipo waonjezapo chachinayi chimene mlembi sanachinene, chakuti mlamuyo akudziwa kanthu kamene akuopa kukaulula. Apa ndipo pagona luso lonse la nkhani yaifupi! Munthu akamalankhula amabisa zambiri kuposa zimene amaulula, ndipo wowerenga amakondwa koposa pamene wapeza yekha chobisikacho, pakuti chimene munthu wadzipezera yekha amachisunga, koma chimene wachita kuuzidwa amachiiwala asanatembenuze tsamba. Mkonzi nayenso ndi wowerenga; akafika pa tcheni chosadukacho afuna adziwe chimene mlamu wabisa, ndipo nkhani imene yamfunitsa kudziwa yapambana kale theka la mlandu wake.

Chimene chimandipweteka mtima nchakuti chilankhulo chathu chinatipatsa chuma cha pa ntchito imeneyi, ndipo ife tikuchiponda ndi mapazi. Talingalirani za ulemu wokha. Mkazi amene zaka zonse za ukwati wake wakhala akuitana mwamuna wake kuti "bambo a Jafali", tsiku limene adzamutchule dzina lake lenileni pamaso pa ankhoswe, aliyense wokhala pa mphasapo adzadziwa kuti banja lagwedezeka, ndipo mlembi safunikanso kulemba ndime yofotokoza mkwiyo. Mwana amene wakhala akunena "inu" kwa atsibweni ake, akangoti "iwe" kamodzi kokha, wathyola chinthu chimene sichidzalumikizika msanga. Mkamwini amene sangayang'anane maso ndi apongozi ake, nalankhula nawo chozungulira, kapena kutuma mwana kuti akapereke mawu kuseri kwa nkhokwe, ndi nkhani yathunthu payekha, pakuti manyazi, mantha, ulemu ndi kuwawidwa zonse zikuyenda m'mawu ochepa amene mwanayo wanyamula. Wolemba m'chilankhulo chosasiyanitsa "iwe" ndi "inu" amavutika kuti aonetse zoterezi, koma ife tinazilandira kwaulere kwa makolo athu.

Komanso dera lathu lino, kuyambira ku Utale kukafika ku Chiuta, lili ndi malilime ambiri okhala m'mudzi umodzi. Shehe wa ku Ntaja salankhula monga katekisiti wa ku Utale. Msodzi wa matemba wa ku Chilwa salankhula monga mlimi wa thonje wa ku Ulongwe. Gogo amene anakulira m'Chiyao, Chichewa chake chili ndi kayendedwe kakekake, ndipo akakwiya kapena akamalira amabwerera ku chilankhulo cha amake. Nanga nchifukwa ninji m'nkhani za ana athu anthu onsewa amalankhula mofanana, ngati wowerenga nkhani pa wailesi ya MBC? Nchifukwa ninji mnyamata wofunsira mbeta pa mjigo amalankhula ziganizo zosalala za m'mafilimu, zimene mtsikana weniweni wa ku Nsanama angaziseke mpaka kugwetsa ndowa? Mlembi wotere sanamvere anthu ake. Wamvera mabuku ndi makanema a eni, ndipo mkonzi, amene anamva kale mawu obwerekawo kambirimbiri, amawazindikira pa chiganizo choyamba.

Iwo amene amayesa kuti luso limeneli ndi lachilendo atsegule Buku Lopatulika, limene lakhala m'nyumba zathu kuyambira 1922, nawerenge buku la Rute. Lili ndi mitu inayi yokha, ndipo gawo lake lalikulu ndi anthu akulankhulana: mpongozi ndi mtengwa pa njira, mwini munda ndi mlendo wokunkha, akulu a mudzi pa chipata. Wolembayo sanatiunjikire mawu otamanda kukhulupirika kwa Rute. Anangomlola kuti ayankhe mpongozi wake Naomi, ndipo mibadwo yonse yakhulupirira. Momwemonso agogo athu pokamba nthano madzulo, ana akuvomera kuti tili tonse, sankatiuza kuti Kalulu ngochenjera ndipo Fisi ngopusa. Ankasintha mawu, apa kuwaonda, apa kuwanenepetsa, mpaka Fisi adzipachike yekha ndi pakamwa pake. Chotero kulankhulitsa ampangankhani ndi mwambo wathu wakale, umene sukulu yatiiwalitsa potizoloweretsa kulemba chimangirizo.

Zokometsera zina zimene olemba atsopano amazinyadira sindizitayira nthawi. Ndime yoyamba yofotokoza kutuluka kwa dzuwa ndi kulira kwa mbalame ichotsedwe yonse, pakuti dzuwa limatuluka tsiku lililonse ndipo si nkhani. Mathero akuti zonsezo anali maloto ndi chinyengo kwa wowerenga. Ngozi ya galimoto yobwera kudzapha munthu woipa pa tsamba lotsiriza ndi umboni wakuti mlembi anasowa pothera. Miyambi isanu yotsatizana m'ndime imodzi imaonetsa kuti mlembi analoweza, koma mwambi umodzi wotuluka pakamwa pa nkhoswe pa nthawi yake umagamula mlandu. Ndipo phunziro lolembedwa pa mapeto, lakuti abale anga tisamachite zotere, lisiyidwe kwa alaliki, amene ali ndi guwa lawo. Ena adzati zilipo nkhani zabwino zimene mulibe kulankhulana kwambiri. Zilipodi, koma eni ake anayamba adziwa mawu a anthu awo asanasankhe kuwakhalitsa chete.

Tsono luso limeneli liphunziridwa kuti? Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo mlembi amene afuna mawu enieni ayenera kukadzimvera yekha. Akwere sitima ya ku Nayuchi, yodzera pa Nkaya ndi pa Liwonde, namvere amayi a geni akukangana za malo a matumba awo. Akakhale kumbuyo pa bwalo la mfumu pamene akuzenga mlandu wa malire a munda, naone momwe munthu wolakwa amachulukitsira ulemu. Aime pa sikelo ya thonje pamene mlimi wauzidwa mtengo umene sanauyembekeze, namve chimene anena, ndiponso chimene wameza. Akagone pa siwa, kumene nkhani za usiku zimayamba ndi malemu nizithera ku fetereza. Koma achenjere, pakuti kumvera sikutanthauza kukopera zonse: malonje aataliatali, kubwereza ndi kutsokomola zimene zimadzaza kucheza kwenikweni ziyenera kupetedwa, kutsale mawu okhawo amene akusuntha nkhani kapena kuulula mtima wa wolankhula. Mayina a anthu enieni ndi zinsinsi zawo zozindikirika azisiye komweko, chifukwa mlembi sanatumidwe kukachititsa manyazi anansi ake. Akatha kulemba awerenge mofuula, kapena apatse mnzake awerenge iye atatsinzina. Ngati sangathe kudziwa amene akulankhula popanda kuuzidwa dzina, ntchito ikadalipo.

Zotsalazo ndi za mwambo, ndipo ngakhale zili zazing'ono zagwetsa nkhani zambiri zabwino. Mkonzi ali ngati mayi wolawa ndiwo, amene samaliza mphika wonse kuti adziwe ngati mchere wakwana. Chotero tsamba loyamba likhale ndi munthu amene ali kale m'vuto, ndipo alankhule msanga. Mlembi awerenge kaye nyuzipepala kapena magazini imene afuna kutumizako, monga masamba a Chichewa a Tamvani, Msangulutso ndi Tikambe, aone ngati amalandira nkhani zopeka, za mtundu wanji ndi zotalika motani, pakuti safunsa anadya phula, ndipo nkhani ya masamba khumi singalowe pa malo a tsamba limodzi. Atsate malamulo a kalembedwe, amene anakonzedwa ndi Chichewa Board yokhazikitsidwa mu 1972, ntchito imene inapitirira ku Centre for Language Studies ku Zomba kuyambira 1996. Ndipo Mtanthauziramawu wa Chinyanja ukhale pafupi ndi dzanja lake. Mawu a wolankhula aliyense akhale m'mitengero ndi pa mzere wakewake, kuti diso lisasokere. Nkhani itayipidwe bwino, ikhale ndi dzina ndi njira yompezera mwini wake. Asatumize nkhani imodzi kwa akonzi awiri nthawi imodzi osawadziwitsa, pakuti mapanga awiri avumbwitsa. Akalowa mpikisano, monga imene bungwe la Malawi Writers Union lakhala likuchititsa, asunge malamulo ake onse. Ndipo koposa zonse asabe nkhani ya mwini, chifukwa dziko lathu ndi laling'ono, ndipo dzina likada kwa akonzi siliyera msanga.

Nkhani ikakanidwa, kapena mkonzi akakhala chete, mlembi asathamangire kunena za tsankho, koma aitenge nayo kwa anzake. Jack Mapanje ndi anzake, pamene anayambitsa Writers Group ku Chancellor College mu 1970, ankawerengerana zolemba zawo ndi kudzudzulana poyera, ndipo m'gulu limenelo munatuluka olemba amene dziko lonse likuwadziwa. Palibe choletsa achinyamata asanu a pa Liwonde kapena pa Balaka kukumana m'kalasi Loweruka masana nachita chimodzimodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo mnzako amamva bodza la m'chiganizo chako msanga kuposa iwe mwini.

Chotero ndikupemphani, inu ana athu amene mwagwira cholembera, kuti musanatumize nkhani yanu yotsatira muitsegulenso, mufufute paliponse pamene mwatiuza kuti munthu anakwiya, anachita nsanje kapena anamva chisoni, ndipo pa malo pomwepo mumpatse mpata alankhule yekha, m'Chichewa cha kwawo ndi mwa ulemu wa kwawo. Anthu a m'maboma athu awiriwa ali ndi nkhani zokwanira mabuku ambiri, ndipo amazikamba tsiku ndi tsiku pamaso panu. Ntchito yanu ndi kuwamvera mofatsa ndi kuwalemba mokhulupirika.