Liwu ndi Pepala: Kuunika Ntchito za Kendrick Lamar

M'chaka cha 2018 mphoto ya Pulitzer ya nyimbo inaperekedwa kwa Kendrick Lamar chifukwa cha chimbale chake chotchedwa DAMN. chimene chinatuluka mu 2017. Aka kanali koyamba kuti mphotoyi ipite kwa munthu wosaimba nyimbo za classical kapena jazz. Kuyambira pamenepo aphunzitsi ambiri akhala akutenga mawu a nyimbo zake ndi kuwaphunzitsa monga ndakatulo zolembedwa. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti mchitidwe umenewu, ngakhale uli wolemekeza mlakatuliyu, umataya mbali yaikulu ya luso lake.

Lamar anabadwa mu 1987 ku Compton, m'chigawo cha California. Anayamba kudziwika ndi dzina lakuti K.Dot, ndipo chimbale chake choyamba, Section.80, chinatuluka mu 2011 pansi pa kampani ya Top Dawg Entertainment. Chimene chinamkweza ndicho good kid, m.A.A.d city cha mu 2012, atalowa m'kampani ya Dr. Dre ya Aftermath.

Chimbale chachiwirichi tichione mofatsa. Nkhani yake ndi ya mnyamata wobwereka galimoto la amayi ake, amene anzake akumkokera ku umbava ndi uchidakwa. Pakati pa nyimbo timamva makolo ake akumsiyira mauthenga pa telefoni. Mauthengawa sali m'mavesi, komatu ndiwo akumangirira nkhani yonse. Wowerenga mavesi okha papepala sangadziwe kuti kunyumba kuli anthu amene akumdikira mnyamatayo. Chitsanzo china ndi nyimbo ya "Swimming Pools (Drank)". Kolasi yake imamveka ngati yoitanira anthu ku mowa, ndipo ambiri anaivina motero, pamene mavesi akufotokoza banja losautsidwa ndi mowa womwewo. Tanthauzo la nyimboyi lagona pa kulimbana kwa mawu ndi kayimbidwe. Tikachotsa kayimbidwe, kulimbanako kwatha, ndipo chotsala ndi ulaliki wamba.

Mu To Pimp a Butterfly (2015), chimene anachikonza atapita ku South Africa mu 2014, luso limeneli lafika pachimake. M'nyimbo ya "u" liwu lake likusweka ngati la munthu woledzera amene akulira, mabotolo akugundana pambali. Kodi zimenezi tingazilembe bwanji pa bolodi? Sitikunena kuti zonse m'chimbalechi n'zogwira mtima. Kumapeto kwake, kumene akudziika ngati akucheza ndi malemu Tupac Shakur pogwiritsa ntchito mawu ojambulidwa mu 1994, ife tikuona kuti watalikitsa, ndiponso akufotokoza zimene nyimbo zinali zitanena kale.

Vutoli si lachilendo kwa ife ophunzira zilankhulo za mu Africa. Ruth Finnegan, m'buku lake la 1970 lonena za zolankhulidwa pakamwa, anatsindika kuti nthano kapena nyimbo imakhala yamoyo pamene ikuchitidwa pamaso pa anthu. Yense amene anayesapo kulemba nyimbo ya pamtondo akudziwa kuti kugunda kwa munsi sikulowa m'kope. Tionjezerepo kuti m'Chinyanja, mmene mawu amathera ndi lembo la liwu, kufanana kwa mathero a mizere n'kosavuta, kotero si muyeso wabwino wa luso. Mphunzitsi wofuna kuyerekeza Lamar ndi anyamata oimba rap m'Chinyanja cha mu Lusaka ayambe wamvetsera pamene woimba akupumira, pamene akuthamangitsa mawu, ndi pamene akusintha liwu kuti alankhule ngati munthu wina.