"Tili Tonse": Za Bodza Lololedwa ndi Bodza Lokanidwa m'Mabuku a Nkhani Zaupandu

Ulipo mtundu wa mabuku umene aphunzitsi ambiri sautchula m'kalasi, ngakhale iwo eni auwerenga usiku pa nyali. Ndiwo mabuku a nkhani zopeka za mbala, za zigawenga, za akazitape ndi za apolisi ofufuza milandu, amene ntchito yawo ndiyo kugunditsa mtima wa wowerenga kufikira tsamba lomaliza. Kwa zaka zambiri mabuku otere akhala akuyenda m'manja mwa anthu, kuchokera kwa ogulitsa mabuku akale mu Lilongwe kufikira ku Mitundu ndi ku Nathenje, ena opanda chikuto, ena othothoka masamba: a James Hadley Chase, a Pacesetters amene kampani ya Macmillan inayamba kusindikiza mu 1977, ndi a Aubrey Kalitera, amene ena a mabuku ake anadzisindikizira yekha ku Blantyre.

Mlandu umene anthu ophunzira aimba mabukuwa ndi wakuti adzala ndi zosatheka. Munthu mmodzi agonjetsa khumi. Chipolopolo chimlambalala nthawi zonse. Kalata yotayika ipezeka pa tsiku lomwelo limene ifunika. Mlanduwo ngoona ndithu. Komatu kunena kuti m'buku la nkhani yopeka muli bodza sikunena kanthu, pakuti bukulo ndi bodza kuyambira pa chikuto. Funso loyenera mphunzitsi ndi lina: chifukwa ninji wowerenga yemweyo ameza bodza lalikulu ngati phiri la Bunda osatsamwa, koma atsamwa ndi lina laling'ono ngati njere ya mawere?

Mwana wa ku Mitundu sayamba kukomana ndi zosatheka m'buku ayi. Akomana nazo pabwalo madzulo, pamene wokamba nthano ati, "Padangotero," ndipo omvera ayankha, "Tili tonse." Mawu awiri amenewa ndiwo pangano. Omvera alonjeza kuyenda ndi wokambayo kulikonse kumene apita, ndipo abwereza lonjezolo pa chiganizo chilichonse, kusonyeza kuti likhoza kuthetsedwa. M'nthanomo Kalulu alankhula, Fisi apita kukafunsira mbeta, Kamba apambana liwiro, ndipo palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene afunsa kuti Kalulu anaphunzira kuti Chichewa. Koma wokamba ayese kunena kuti Fisi anapeza nyama naigawira ana amasiye, iye mwini nagona ndi njala: pomwepo pabwalo pamveka kung'ung'udza. Fisi wolankhula aloledwa, Fisi wopatsa akanidwa. Choyambacho chiswa lamulo la chilengedwe, ndipo ana sasamala. Chachiwiricho chiswa khalidwe la Fisi, limene ana alidziwa, ndipo sachilola.

Anzeru a maiko ena anaona chinthu chomwechi kalekale. Aristotle wa ku Greece, zaka zoposa 300 Khristu asanabadwe, anaphunzitsa kuti wolemba asankhe chinthu chosatheka chimene chikhulupirika, koposa chotheka chimene sichikhulupirika. Mu 1817 Samuel Taylor Coleridge wa ku England analemba kuti wowerenga aika pambali kukayika kwake mwa kufuna kwake, kwa kanthawi, ngati mlembi waika m'nkhanimo choonadi cha mtima wa munthu. Onse awiri anafotokoza ndi mawu ambiri chimene agogo a ku Nathenje achimanga m'mawu awiri.

Chitsanzo chokoma koposa chili m'nkhani ya Arthur Conan Doyle yotchedwa The Speckled Band, imene inatuluka mu 1892. Dokotala Roylott, amene anagwirapo ntchito ku India, alera ana aakazi awiri owapeza. Mayi wawo anamwalira nasiya chuma, ndipo pangano lili lakuti mwana aliyense akakwatiwa alandire gawo lake. Dokotalayo safuna kuti chumacho chichepe. Tsono mwana woyamba atatsala pang'ono kukwatiwa afa usiku m'chipinda chotseka, popanda wina wodziwa chomupha. Ndipo wachiwiri, atapeza naye mwamuna, athawira kwa Sherlock Holmes. Holmes apeza kuti dokotalayo aweta njoka m'bokosi lachitsulo, ailowetsa pa kabowo ka m'khoma, itsika pa chingwe kufikira pa kama wa mtsikanayo, ndipo mbandakucha aiitana ndi likhweru naipatsa mkaka.

Mnyamata aliyense woweta mbuzi m'mphepete mwa Dzalanyama akhoza kutsutsa dokotala ameneyu. Njoka ilibe makutu akunja. Imva makamaka kugwedezeka kwa nthaka, ndipo siweteka ngati galu kuti ibwere poiimbira likhweru. Mkaka si chakudya chake. Mtundu wa njoka umene Doyle anautchula sudziwika ku India kapena kwina kulikonse. Munthu amene anaonapo mphiri itagona panjira tsiku lonse osasuntha aseka pomva za njoka yopita ndi kubwerera pa nthawi yake ngati mtumiki wa kwa DC. Komabe nkhaniyi yawerengedwa zaka zoposa 130, ndipo mu 1927 Doyle mwini wake anaiika patsogolo pa nkhani zake zonse zazifupi za Holmes. Chifukwa chake sichibisika. Njokayo ndi yabodza, koma bambo wowapezayo ndi woona. Munthu wolanda chuma cha ana amasiye, wokoma pakamwa pamaso pa anthu ndi woopsa m'nyumba, adziwika ku Surrey monga adziwika ku Nathenje, ndipo milandu yake yafika pabwalo la mfumu kawirikawiri. Mantha a mtsikana wogona m'chipinda mmene anafera mbale wake, namva likhweru lomwe lija mumdima, ndi mantha enieni. Wowerenga alipira njokayo ngati msonkho wa pamsika, chifukwa malonda amene wadzera ngabwino.

Pamenepa pakuoneka kuti kulola kwa wowerenga kukula kapena kuchepa monga mwa zimene iye adziwa. James Hadley Chase, amene dzina lake lenileni linali René Raymond, anabadwira ku London mu 1906, ndipo nkhani zake zambiri anaziika ku America, dziko limene sanakhalemo. Anathandizidwa ndi mapu ndi mabuku a mawu a m'misewu ya kumeneko. Wowerenga wa ku Mitundu sanaonenso America, chotero iye ndi mlembi ali pamodzi m'dziko la m'maganizo, ndipo palibe wotsutsa mnzake. Kutalika kwa mtunda kuphimba zolakwa monga nkhungu iphimba Nkhoma m'mawa wa June.

Koma nkhani yomweyo ikabwera kwawo, wowerengayo asanduka woweruza wouma mtima. Mlembi alembe kuti mbala inathawa apolisi nikwera sitima ya pamtunda pa Nathenje: bukulo latha pomwepo, pakuti aliyense adziwa kuti pa Nathenje padutsa msewu waukulu wa ku Dedza, ndipo njanji ili kutali, yochokera ku Salima kupyola Lilongwe kunka ku Mchinji. Alembe kuti wakupha munthu ananyamula mtembo usiku nakaukwirira yekha kumanda a mudzi, ndipo panapita miyezi osadziwika: wowerenga afunsa kuti mfumu inali kuti, adzukulu anali kuti, ndi amuna a kudambwe amene adziwa mtengo uliwonse wa m'nkhalangomo anali kuti. Alembe kuti mlendo anakhala masiku atatu m'mudzi akuzonda nyumba ina popanda womfunsa kwawo, kapena kuti mkamwini anagulitsa munda wa kuchikazi mwinimbumba osamva, kapena kuti wapolisi anagwira apongozi ake aakazi pa dzanja nawafunsa maso ndi maso ngati mnzake wa pabawo. Zonsezi nzotheka, palibe lamulo la chilengedwe limene ziswa. Koma wowerenga amene analola ngwazi kulumpha kuchokera pa denga la nyumba yosanja azikana izi ndi mtima wonse, chifukwa zinamiza moyo umene iye aukhala. Apa mlembi wa nkhani zaupandu ali ndi chophunzira kwa Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, amene buku lake la Nthondo la mu 1933 lilibe mfuti zambiri kapena galimoto zothamangitsana, koma maliro ake, milandu yake ndi maukwati ake ayenda monga ayendera m'mudzi wa Achewa.

Liwiro nalo lithandiza mlembi. M'buku la Raymond Chandler la mu 1939, The Big Sleep, woyendetsa galimoto wina apezeka atafa m'galimoto m'nyanja, ndipo bukulo silinena poyera amene anamupha. Pokonza kanema wake, amene anatuluka mu 1946, anamfunsa Chandler pa telegalamu, ndipo iye anayankha kuti nayenso sadziwa. Owerenga ambiri sanazindikire konse dzenjelo, monga munthu wothamanga pa njinga saona miyala ya m'mbali mwa msewu.

Lilipo tsono bodza limodzi limene wowerenga wabwino salikhululukira, kaya nkhani ili ku Miami kaya ili pa Kamphata. Ndilo bodza lobwera kumapeto kudzapulumutsa mlembi. Bodza la pachiyambi lili ngati mbewu: mlembi ati, "Taganizani kuti kunali munthu wotere," ndipo zonse zotsatira zimera pa icho. Koma mlembi akadzitsekera yekha m'khola, ngwazi yake itamangidwa manja ndi miyendo, ndipo mwadzidzidzi padza mphasa wake amene sanatchulidwepo, kapena mphezi igwa pa mdani, wowerenga amva kuti waberedwa. Anapereka maola ake poyesa kumasula mfundo, ndipo mlembi waidula ndi mpeni. Mu 1929 Ronald Knox, wansembe wa Chikatolika amene analinso mlembi wa nkhani zofufuza milandu, anaika malamulo khumi a ntchitoyi. Mwa iwo anati wolakwa atchulidwe kumayambiriro kwa nkhani, ngozi yamwayi isathandize wofufuza, amapasa asatulukire popanda kuwakonzera njira, ndiponso zamizimu zisalowemo konse.

Lamulo lotsirizali lifuna kulingaliridwa bwino ndi mphunzitsi wa m'boma la Lilongwe, pakuti Knox analembera anthu ena. Ana ambiri a m'kalasi amva kwawo za lichero louluka usiku ndi za chithumwa chozimiriritsa mbala, ndipo kwa iwo zimenezi sizili m'gulu la zosatheka. Chotero mlembi wa Chichewa akaika matsenga m'nkhani yake sasowa omkhulupirira. Koma ngakhale pamenepa pangano lija ligwirabe ntchito. M'nthano zamakolo mankhwala aliwonse ali ndi chizimba chake ndi choletsa chake: usacheuke, usadye therere, usauze mkazi wako, ndipo omvera adikira ndi mtima wogunda kuti aone tsiku limene choletsacho chidzaswedwa. Matsenga otere amanga nkhani. Koma mbala imene yathawa ndi miyendo mitu khumi ya buku, nkuzimirira ndi chithumwa pa mutu wotsiriza apolisi ataizinga, iputa funso ngakhale kwa mwana wokhulupirira zithumwa: ngati inali nacho chithumwacho, inkathawiranji?

Funso la mtundu umenewo ndilo chuma chimene mphunzitsi afunafuna. Alipo aphunzitsi amene alanda mabuku otere nawatcha zinyalala. Iwo aiwala kuti mwana amene wamaliza masamba 200 chifukwa chofuna kudziwa wakupha waphunzira kukhala pansi ndi buku, chinthu chimene chikwapu sichinaphunzitsepo munthu. Aliponso ena amene akondwa kuti mwana awerenga, osamfunsa kanthu. Amenewa alera munthu womeza zonse, ndipo munthu wotere sameza za m'buku zokha. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku maboma oyandikana nawo, ndipo anthu anaphedwa ndi magulu a anzawo. Mphekesera zimenezo zinali ndi ziwalo zonse za nkhani yaupandu: mlendo wobwera usiku, zipangizo zobisika, akuluakulu odya nawo. Chimene chinasowa ndi anthu okwanira ofunsa kuti wokambayo anadziwa bwanji, ndipo anaona ndani. Wowerenga buku adziwa kuti wabwereketsa chikhulupiriro chake ndipo adzachitenganso potseka chikuto. Womvera mphekesera achipereka osadziwa kuti wapereka.

M'kalasi ntchitoyi iyamba ndi zimangirizo za ana eni. Wophunzira uphunzitsi akapita kukayesera ntchito ku sukulu za ku Mitundu kapena ku Nathenje adzaona kuti ana a Sitandade 7 ndi 8 akonda kulemba za achifwamba, ndipo ambiri amaliza ndi mawu akuti anadzidzimuka napeza kuti anali maloto. Limeneli ndilo bodza lopulumutsa mlembi lija, mu msinkhu wake waung'ono. Kulemba chizindikiro chofiira pa mkango umene mwana waubweretsa pa msika wa Mitundu sikuthandiza; mkangowo ukhale, pakuti ndiwo mbewu yake ya nkhani. Chofunika ndi kumfunsa kuti amayi ogulitsa tomato anachita chiyani, a kabaza anathawira kuti, ndipo iye mwini anatuluka bwanji m'menemo ali maso.

Njira ina ichokera pabwalo pomwe paja. Mwana mmodzi awerenge nkhani yake mokweza, ndipo anzake ayankhe "Tili tonse" pa mapeto a ndime iliyonse, koma akhale chete pamene mtima wawo wakana. Mphunzitsi aike chizindikiro pa ndime imene mawu anachepa, ndipo afunse amene anakhala chete chifukwa chake. Kawirikawiri adzapeza kuti anayankha mwamphamvu pa ndege yotera m'munda wa fodya, koma anakhala chete pamene mwana wa m'nkhanimo anatchula amalume ake dzina.