Kulangiza ndi Kufotokoza: Kuunika Mabuku Ena Odziwika a Nkhani Zopeka, a Sayansi ndi a Ana

1. Mau Oyamba

Mphunzitsi aliyense wa Cinyanja, cinenero cimene ku Malawi cimadziwika ndi dzina lakuti Cicewa kuyambira mu 1968, angathe kuchula mosadodoma mabuku khumi a nkhani zopeka amene anawerenga kapena kuphunzitsa. Koma tikampempha kuti achule buku limodzi la sayansi la m'cinenero comweci, limene mwana angaliwerenge mwa kufuna kwake osati cifukwa ca mayeso, kawirikawiri amayamba wasinkhasinkha nthawi yaitali. M'nkhani ino tiunika mabuku angapo odziwika a mitundu itatu: a nkhani zopeka, a sayansi ndi a ana. Ena analembedwa m'Cinyanja, ena m'Cingerezi koma akunena za moyo ndi nzeru za olankhula Cinyanja. Mfundo imene tifuna kuitsimikiza ndi yakuti m'mabuku Cinyanja cinapatsidwa nchito ya kulangiza, ndipo caigwira bwino, pamene nchito ya kufotokoza cifukwa cimene zinthu zimakhalira monga ziri inasiyidwira Cingerezi. Kugawa nchito kotereku sikunacokere m'cibadwa ca cineneroci, koma m'mbiri ya osindikiza mabuku ndi ya masukulu athu.

2. Nkhani Zopeka

Tiyamba ndi Nthondo, buku la Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa pa Mishoni ya Nkhoma. Bukuli linapata mphotho pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures ndipo linatuluka mu 1933. Limatsata moyo wa munthu mmodzi kucokera pa kubadwa kufikira imfa yake: ubwana wa pamudzi, unyamata wa kuba ndi kusamvera, ulendo wokafuna nchito kutali, ufumu, ndi kutembenuka mtima kukhala Mkhristu. Mphamvu yake iri m'maso a wolemba. Ntara amapenyetsetsa mmene mwana amaleredwera, mmene mlandu umazengedwera pabwalo ndi mmene maliro amayendera, ndipo amalongosola zonsezi mwa dongosolo, cimodzi pambuyo pa cinzace, monga munthu wofuna kuti wowerenga amvetse. Kufooka kwace kuli kumapeto, kumene nkhani imakhotetsedwa kuti ifike pa phunziro limene amishoni anali kuliyembekezera.

T. Cullen Young anamasulira bukuli m'Cingerezi ndi mutu wakuti Man of Africa mu 1934, ndipo mau oyamba anawalemba ndi Julian Huxley, katswiri wa sayansi ya zamoyo. Ici citisonyeza kuti owerenga akunja anazindikira mwa Ntara luso la wofufuza. Kwathu kuno, olemba amene anabwera pambuyo pace anatengera kwambiri mbali inayo, ya mlangizi.

Cifukwa cace sicovuta kucipeza. Kuyambira mu 1948 mabuku ambiri a Cinyanja anali kudzera ku Northern Rhodesia and Nyasaland Publications Bureau, bungwe la boma limene likulu lace linali ku Lusaka, ndipo msika wace waukulu unali sukulu. Zambia italandira ufulu, nchitoyi inapitirira kudzera ku NECZAM pansi pa Kenneth Kaunda Foundation, msika uli womwewo. Wolemba wofuna kuti buku lace lisindikizidwe anayenera kulingalira za mphunzitsi ndi woyesa mayeso, amene funso lao loyamba linali lakuti nkhaniyi ikutiphunzitsa ciani. Ngakhale mitu ya mabuku imacitira umboni zimenezi. Zomfula Mkazi Wacimasomaso wa Jacob Zulu amaweruza mwini nkhani pacikuto pomwe. Ikakuona Litsiro Sikata wa Jolly Max Ntaba ndi Madzi Akatayika wa Willie Zingani ndi miyambi, ndipo mwambi ukakhala mutu, wowerenga amadziwiratu kumene nkhani ikathere.

Sitikunena kuti mabukuwa ndi opanda pace. Mwa iwo muli Cinyanja cakupsa, ndipo ana a sukulu ambiri anayamba kukonda kuwerenga cifukwa ca iwo. Kukula ndi Mwambo, buku la John Gwengwe la mu 1965, lidakali nkhokwe ya miyambo ya Acewa. Nkhani za Julius Chongo za Poceza m'Madzulo, zimene zinali kuulutsidwa pa Radio Zambia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ndipo zina mwa izo Ernst Wendland anazisindikiza m'buku mu 2004, zimaonetsa kuti mvekero umodzi ungathe kusiyanitsa kugwa kwa cinthu colemera ndi kwa copepuka, kapena kuyenda kwa munthu wotopa ndi kwa wamantha. Cinenero cotha kusiyanitsa zinthu mosamala cotere sicingalephere kulongosola za cilengedwe. Cimene cinasowa ndi wocipatsa nchitoyo.

3. Mabuku a Sayansi

Mabuku odziwika a sayansi onena za dziko la olankhula Cinyanja alipo, ndipo ena ndi abwino zedi. Jessie Williamson anatulutsa Useful Plants of Nyasaland mu 1955, ndipo linatulukanso lokonzedwa mu 1975 ndi dzina lakuti Useful Plants of Malawi. Kuno ku Zambia, A.E.G. Storrs analemba Know Your Trees, limene Dipatimenti ya za Nkhalango inasindikiza mu 1979. Brian Morris anatulutsa Common Mushrooms of Malawi mu 1987 ndi Chewa Medical Botany mu 1996. Tikatsegula mabukuwa tipeza maina athu: mlombwa, mbawa, msuku, mlambe. Tipezanso nzeru za alimi, asing'anga ndi amai a kumudzi zokhudza zomera zodyedwa, zamankhwala ndi zakupha. Koma ziganizo zonse zofotokoza ziri m'Cingerezi. Cinyanja cimangoonekera pa mndandanda wa maina, pambali pa dzina la Cilatini. Mdzukulu wa mai amene anaphunzitsa wofufuzayo sangawerenge zimene agogo ace ananena kufikira atadziwa bwino Cingerezi.

Zolemba za Morris ziri ndi phunziro lapadera kwa ife a zinenero. Iye anaonetsa kuti pakati pa anthu amene anaceza nao, mau akuti bowa amanena makamaka za mitundu yodyedwa, pamene yosadyedwa imaikidwa m'gulu la cirombo, limene limaphatikizanso udzu woononga m'munda ndi nyama zoopsa. Kagawidwe kathu ka zamoyo kamatsata kwambiri phindu la cinthu kwa munthu, pamene ka sayansi kamatsata ubale wa zamoyozo. Wolemba sayansi m'Cinyanja ayenera kulimbana ndi kusiyana kumeneku, ndipo kulimbanako ndiko kumakulitsa cinenero. Sikuti nchitoyi ndi yosatheka. Amai ozula bowa amadziwa kuti mitundu ina imamera pansi pa misuku ndi miombo, ndi kuti nkhalango ikadulidwa bowayo amasowa. Cifukwa cace tingacinene m'Cinyanja comveka: timizu ta bowa tonga ulusi timalukana ndi mizu ya mtengo, bowa namalandira shuga wopangidwa m'masamba, mtengo numalandira madzi ndi micere ya m'nthaka. Mtengo ukafa, bowa wataya womudyetsa.

Zolembedwa m'Cinyanja zokhudza zaumoyo ndi zaulimi nazo ziripo, kuyambira pa timabuku ta ukhondo ta m'nthawi ya amishoni, magazini ya Za Achikumbi ya ku Malawi, kufikira Pamene Palibe Dokotala, limene linamasuliridwa kucokera ku buku la David Werner. Zimenezi zathandiza anthu ambiri ndipo sitingazipeputse. Komabe colinga cao cacikulu ndi kulangiza: wiritsani madzi, bzalani m'mizere, gonani m'neti. Mneni wolamula ndiye wacuruka. Motero ngakhale pa sayansi, Cinyanja cagwira nchito yomwe ija ya m'nkhani zopeka, youza munthu zoyenera kucita.

4. Mabuku a Ana

Mabuku a ana ndiwo anakhudzidwa kwambiri ndi malamulo a maphunziro. Lamulo la Maphunziro la mu 1966 linaika Cingerezi kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira Giredi 1 m'Zambia, ndipo m'badwo wonse unakula ndi Mulenga ndi Jelita a m'mabuku a Cingerezi. Ndondomeko ya Educating Our Future ya mu 1996 inalola kuti ana ayambe kuphunzira kuwerenga m'zinenero za m'Zambia, ndipo mu 2014 zinenerozi zinayamba kugwiritsidwa nchito pophunzitsa kuyambira Giredi 1 kufikira Giredi 4. Ndondomeko ya maphunziro ya mu 2023 inabwezeranso Cingerezi patsogolo. Ku Malawi, Lamulo la Maphunziro la mu 2013 linasankha Cingerezi kukhala cophunzitsira, m'dziko limene kwa zaka zambiri ana anayamba sukulu m'Cicewa. Wosindikiza mabuku sangaike ndalama zace pa buku la sayansi la ana m'cinenero cimene malo ace m'kalasi amasintha kawirikawiri cotere.

Zotsatira zace ndi zakuti buku la mwana m'Cinyanja limakhala la mitundu iwiri: lophunzitsira kuwerenga, kapena la nthano. Sikusinja ndi Gwenembe wa Gwengwe, nthano ya mbale wopha mbale wace cifukwa ca nsanje ndi mbalame imene imaulula mlanduwo ndi nyimbo, ndi citsanzo cabwino ca mtundu waciwiriwu, ndipo kubwereza kwa nyimbo kumagwira mtima wa mwana monga zimakhalira pa nthano ya pamoto. Koma mwana yemweyo amafunsanso cifukwa cimene mwezi umasinthira maonekedwe, kumene mvula imacokera ndi cimene cimaotcha m'mphezi. Nthano zakale zinali kuyankha mafunso otere mwa njira yaoyao, monga pofotokoza cifukwa cimene kamba ali ndi cigoba ca ming'alu. Zinali kuvomereza kuti mwana ali ndi ufulu wofunsa. Mabuku osindikizidwa anasunga nthanozo koma sanapitirize mwambo wa kuyankha. Ngakhale pa African Storybook, nkhokwe ya pa intaneti imene inakhazikitsidwa mu 2014 ndipo iri ndi timabuku ta Cinyanja, tambiri ndi tomasuliridwa kucokera ku zinenero zina.

5. Buku la William Kamkwamba

Pali buku limodzi limene mitundu itatu yonseyi imakumana: The Boy Who Harnessed the Wind, la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer, limene linatuluka mu 2009. Ngakhale ndi mbiri yoona, linalukidwa ngati nkhani yopeka, limafotokoza sayansi, ndipo linakonzedwanso kuti likhale la ana: la zithunzi mu 2012 ndi la acinyamata mu 2015. Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, anasiya sukulu ya sekondale posowa fizi pa njala ya mu 2001 ndi 2002. M'laibulale yaing'ono ya pa sukulu ya pulaimale anapeza mabuku a Cingerezi, pakati pao Explaining Physics ndi Using Energy. Popeza Cingerezi cace cinali cocepa, anadalira kwambiri zithunzi. Ali ndi zaka 14 anamanga makina a mphepo ndi fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki, njinga yakutha, dainamo ndi mitengo ya bulugamu, ndipo nyumba ya kwao inayaka magetsi.

Ubwino wa bukuli ndi wakuti sayansi siiima payokha ngati phunziro. Imalowa m'nkhani pamene mnyamatayo akuifuna. Wowerenga amamvetsa kuti maginito akazungulira pafupi ndi waya wokulungiza, magetsi amayenda m'wayamo, ndi kuti mphepo ingathe kugwira nchito ya mwendo wopalasa njinga. Amamvetsa cifukwa akufunitsitsa kudziwa ngati nyali iyake. Iyi ndi njira imene olemba athu angatengere. Tionenso kuti posowa dzina la makina ace m'Cicewa, Kamkwamba anawacha magetsi a mphepo. Mau atsopanowa sanacokere ku komiti ya akatswiri. Anabadwa pamene munthu anafunika kufotokozera anzace cimene anali kucita.

Zofooka zace nazo ndi zoonekera. Bukuli linalembedwera owerenga akunja, motero limataya nthawi kulongosola nsima ndi zina zimene mwana wa ku Kasungu kapena ku Cipata amazidziwa kale. Limayamba ndi nkhani za ufiti ndi matsenga, ndipo limaika zikhulupiriro za pamudzi mbali ina, sayansi mbali ina, ngati kuti mudzi ulibe nzeru zoyesedwa ndi maso ndi manja, zonga za ozula bowa aja. Buku la zithunzi la mu 2012 limasunga kulimba mtima kwa mnyamatayo koma limacepetsa kwambiri kafotokozedwe ka makina, motero nkhani ya sayansi imabwerera kukhala ya malangizo, yakuti khama limapindula. M'kanema wa mu 2019 wa Chiwetel Ejiofor anthu amalankhula kwambiri Cicewa, koma kanema sapatsa mwana tsamba loti abwererepo kawiri kapena katatu kufikira atamvetsa.

6. Mau Omaliza

Kuunika kwathu kwasonyeza kuti luso lopenyetsetsa linalipo kale mwa Ntara, kuti mau olongosola zinthu mosamala alipo monga Chongo anaonetsera, ndi kuti nzeru za cilengedwe za anthu athu zinadzaza mabuku a Williamson, Storrs ndi Morris. Cosowa ndi buku lophatikiza zitatuzi m'Cinyanja. Tipereka maganizo atatu. Coyamba, pounika mabuku tisamangofunsa phunziro la makhalidwe limene liri m'nkhani. Tizifunsanso cimene wowerenga wamvetsa cimene sanali kucidziwa. Caciwiri, madipatimenti a zinenero agwirizane ndi a sayansi kuti ophunzira azilemba timabuku tofotokoza ta ana, kuyambira pa zinthu za pafupi monga bowa, mvula, malungo ndi dainamo ya njinga. Mau a sayansi amakhazikika akagwiritsidwa nchito m'ziganizo, ndipo Mtanthauziramawu wa Chinyanja umene Centre for Language Studies ya ku Zomba inatulutsa mu 2000 ungakhale poyambira. Cacitatu, kusiyana kwa kalembedwe, monga c wa m'malamulo a Zambia a mu 1977 ndi ch wa ku Malawi, kusaloledwe kugawa owerenga. Mabuku a sayansi a zithunzi amadya ndalama zambiri posindikiza, ndipo angadzilipire okha ngati agulidwa ku Zambia, ku Malawi ndi ku cigawo ca Tete m'Mozambique, monga momwe bungwe la mu 1948 lija linali kutumikira maiko awiri ndi buku limodzi.